Ma enzyme, mapulotini ndi metabolism: kodi m'thupi mwathu mumachitika chani kwenikweni?

Masiku ano ukangotsegula Facebook kapena gulu la WhatsApp kuno ku Chipata, mawu atatu awa sasowa. Wina akugulitsa tiyi ati amakweza metabolism, wina ali ndi ufa wa m'chitini ati pulotini yomanga thupi, wina juwisi ya ma enzyme ati imatsuka m'mimba. Ana athu a ku sekondale nawonso amabwera ndi mawu omwewa m'makope a biology, amaloweza kuti apase mayeso koma ukawafunsa kuti enzyme ili pati m'nyumba muno amangoyang'ana kudenga, pomwe amayi awo ali kuseri akuphika thobwa. Ine sindikufuna kuuza munthu kuti gula ichi, siya icho. Ndikufuna chabe tiyende pang'onopang'ono tione zomwe zimachitika, chifukwa nkhaniyi ikalowa m'mutu munthu umatha kufunsa wekha mafunso oyenera.

Atomu, poyambira pa zonse

Chinthu chilichonse, mwala, madzi, mpweya, nsima, iweyo, chapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma atomu. Kuchepa kwake nkovuta kukuganizira, ma atomu mamiliyoni angapo atandandalika pamzere amangokwana milimita imodzi ya pa rula. Ganizo loti zinthu zili ndi tizigawo totere ndi lakale, Democritus wa ku Greece analinena zaka zoposa 2,000 zapitazo, koma panalibe umboni. John Dalton wa ku England ndiye analiika pa sikelo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1869 Dmitri Mendeleev wa ku Russia anasanja mitundu ya ma atomu pa tebulo lija limapachikidwa mu labu ya sukulu. Lero mitundu yodziwika ilipo 118.

Koma thupi la munthu siligwiritsa yonseyo. Mitundu inayi chabe, okosijeni, kaboni, haidrojeni ndi nayitrojeni, imatenga pafupifupi 96 peresenti ya kulemera kwathu. Zotsalazo ndi monga kashiamu wa m'mafupa, fosiforasi, ndi ayironi wa m'magazi yemwe ndi wochepa kwambiri koma akasowa munthu amafooka.

Ganizirani njerwa. Njerwa za uvuni umodzi zimamanga nyumba, tchalitchi, khola la nkhumba, kusiyana kwake ndi kamangidwe. Ma atomu akagwirana amapanga molekyu: awiri a haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni ndiwo madzi, 6 a kaboni, 12 a haidrojeni ndi 6 a okosijeni ndiye shuga wotchedwa glucose. Ndipo chofunika kuchigwira apa nchakuti m'thupi ma atomu sapangidwa ndipo satha, amangomasulidwa apa nkumangidwa apo. Kaboni amene ali m'dzanja lanu lero anali m'chimanga chaka chatha, ndipo chimangacho chinamutenga mumpweya.

Kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti zinthu za m'thupi la chamoyo zili ndi mphamvu ina yapadera yomwe munthu sangaipange. Mu 1828 Friedrich Wöhler wa ku Germany anapanga urea mu labu, chinthu chomwe chimapezeka mu mkodzo, popanda impso ya munthu kapena nyama. Ndi urea yemweyo timathira m'chimanga chikafika m'mawondo, yemwe pathumba amalemba 46 peresenti nayitrojeni.

Mapulotini

Nayitrojeni ameneyu ndiye akutifikitsa pa mapulotini, poti shuga ndi mafuta alibe nayitrojeni koma pulotini iliyonse ili naye. Pulotini ndi chingwe chachitali cha timagawo totchedwa ma amino acid. Mitundu yake m'thupi ilipo 20, ndipo mwa imeneyi 9 thupi silingapange lokha, iyenera kuchokera mu chakudya.

Apa mpomwe nsima yathu imalowa. Chimanga chili ndi pulotini ndithu, pafupifupi 9 peresenti, koma ndi chosauka pa ma amino acid awiri, lysine ndi tryptophan. Nyemba, kabaifa ndi soya zili ndi lysine wambiri, ndiye nsima ya nyemba imakwanirana bwino kuposa nsima ya masamba okha. Nshawa zili ndi pulotini pafupifupi kota ya kulemera kwake, soya kuposa pamenepo, dzira limodzi magalamu 6 kapena kupitirira pang'ono, kapenta nayenso ali nayo yambiri. Munthu wamkulu wa makilo 60 amafunika magalamu pafupifupi 50 patsiku, wapakati, woyamwitsa ndi wodwala amafunika yochulukirapo. Ndiye amayi akamatendera chiwawa kapena kuthira nsinjiro mu phala la mwana, akuchita chinthu chanzeru kwambiri, olo sanaphunzirepo dzina la lysine. Ndipo nshawa zomwe timanyadira kuno kum'mawazi, ukazula mtengo wake uone timatuza tija ta ku mizu, mmenemo muli mabakiteriya amene amatenga nayitrojeni wa mumpweya nkumusandutsa chakudya cha mbewu, nchifukwa chake alangizi amalimbikira kasinthasintha wa chimanga ndi nshawa kapena soya.

Koma pulotini si chakudya chabe, apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Tsitsi ndi zikhadabo ndi pulotini, minofu ndi pulotini, insulin woyang'anira shuga m'magazi ndi pulotini, asilikali a thupi otchedwa ma antibody ndi mapulotini. Ukadya nkhuku, pulotini ya nkhuku sipita kukakhala m'dzanja lako momwe ilili, imagumulidwa kaye njerwa imodzi-imodzi m'mimba ndi m'matumbo, kenako thupi limamanga zake motsata malangizo a DNA, molekyu yosunga chibadwa chochokera kwa makolo yomwe ili m'maselo, tizipinda ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi.

Chingwe chija chikamangidwa chimapindika mwa njira yakeyake, ndipo ntchito ya pulotini ili m'mapindidwe amenewo. Dzira ukaliswa mu pani, choyera chija chimayamba chili ngati madzi kenako chimauma nkuyera, ma amino acid ndi omwewo koma moto wasokoneza mapindidwe ndipo sizibwereranso. Munthu woyamba kuwerenga mndandanda wonse wa pulotini anali Frederick Sanger wa ku Cambridge, anamaliza insulin mu 1955, ma amino acid 51, ndipo ntchitoyo inamutengera zaka pafupifupi khumi.

Kuti muone kuti mndandanda umenewu si masewera, tengani sickle cell yomwe mabanja ambiri kuno akuidziwa. Haemoglobin, pulotini yonyamula okosijeni m'magazi, ili ndi zingwe zinayi, ma amino acid onse pamodzi 574. Kwa wodwala sickle cell, pa malo a nambala 6 a chingwe chotchedwa beta pakhala amino acid yotchedwa valine m'malo mwa ina yotchedwa glutamic acid. Basi, kusiyana kwake nkomweko, Vernon Ingram ndiye anakuona chapakati pa zaka za m'ma 1950. Kamodzi kameneko kamapangitsa haemoglobin kumatirirana okosijeni akachepa, maselo ofiira amapindika ngati chikwakwa nkumatseka timitsempha, ndiye ululu uja umene mwana amalira nawo usiku wonse. Si ufiti, si tsoka la banja, mwana amatenga mbali imodzi ya chibadwa chimenechi kwa bambo ina kwa mayi. Ndipo amene watenga mbali imodzi yokha nthawi zambiri sadwala, m'malo mwake amatetezekako ku malungo aakulu, nchifukwa chake chibadwa chimenechi chili chofala kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno.

Ma enzyme, ndipo apa tikhalitsepo

Tiyeni tipite kuseri kuja kuli thobwa. Amayi aphika phala la ufa, lalimba, mthiko ukuchita kuima. Aliphula, adikira lizizireko kufika poti chala chingapirire, ndiye athira chimera nkuvundula. Pakapita kanthawi phala lolimba lija lasungunuka, layamba kuyenda, ndipo ukalawa likutsekemera pomwe palibe amene wathira shuga. Chachitika nchani?

Ufa ndi sitachi, ndipo sitachi ndi ma glucose ambirimbiri ogwirana m'zingwe zazitali, nchifukwa chake satsekemera ndipo amalimbitsa phala. Mbewu ya mawere, mapira kapena chimanga ikayamba kumera imapanga pulotini yotchedwa amylase kuti idule sitachi wake idyetse kamera kaja. Tikayanika ndi kusinja chimera timakhala tasunga amylase ameneyo, ndipo tikamuthira mu phala amayamba kudula zingwe zija kukhala tizidutswa ta shuga. Muzu wa munkoyo umagwira ntchito yomweyo. Ameneyo ndiye enzyme: chinthu, kawirikawiri pulotini, chomwe chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu koma chokha osatha, chikadula apa chimapita kukadula pena. Pa nkhani ya njerwa ija, awa ndiwo amisiri, ena ogumula ena omanga, aliyense ndi ntchito yake imodzi.

Ndipo taonani chifukwa chake amayi amadikira kuti phala lizizireko. Chimera ukachithira phala likubwata, amylase amapsa ngati dzira lija, mapindidwe ake amaonongeka ndipo thobwa silitsekemera. Ukachithira litazizira kwambiri ntchito imayenda mwaulesi. Enzyme iliyonse ili ndi kutentha komwe imakonda, za m'thupi mwathu zimakonda pafupi ndi madigiri 37.

Chosangalatsa nchakuti enzyme yoyamba kupatulidwa ndi asayansi inali yomweyi. Mu 1833 Anselme Payen ndi Jean-François Persoz a ku France anaitulutsa mu chimera cha balere. Mu 1897 Eduard Buchner anaphwanya maselo a yisiti nkuona kuti madzi ake okha, opanda selo lamoyo, akusandutsabe shuga kukhala mowa. Mu 1926 James Sumner wa ku America anaonetsa kuti enzyme yotchedwa urease ndi pulotini, ambiri anamutsutsa kwa zaka, koma mu 1946 analandira mphoto ya Nobel. Pa funso loti enzyme imadziwa bwanji chomwe iyenera kugwira, Emil Fischer mu 1894 anati zili ngati loko ndi kiyi, ndipo mu 1958 Daniel Koshland anaonjezera kuti enzyme imasinthako kaumbidwe pogwira chinthucho, siuma gwa ayi.

Amylase tili nayenso m'malovu, tafunani nsima kapena buledi nthawi yaitali osameza mumva kukoma kwa shuga kukubwera. M'chifu muli pepsin wodula mapulotini, iye amakonda asidi wamphamvu. M'matumbo muli trypsin wodulanso mapulotini, lipase wa mafuta, ndi lactase wa shuga wa mu mkaka, yemwe kwa akuluakulu ambiri amachepa akasiya kuyamwa, ndiye amene amati mkaka wafuleshi umawatsegula m'mimba koma mabisi ayi sakunama, mu mkaka wosasa mabakiteriya adyako kale gawo la shuga uja. Thovu lija limatuluka ukathira hydrogen peroxide pachilonda ndi ntchito ya catalase, imodzi mwa ma enzyme othamanga zedi, kamodzi kamatha kuphwanya mamolekyu mamiliyoni pa sekondi.

Mankhwala ambiri a ku chipatala amagwira ntchito potseka enzyme. Ma ARV a TLD amene abale athu ambiri akumwa ali ndi mankhwala atatu m'piritsi limodzi: tenofovir ndi lamivudine amatseka enzyme yomwe kachilombo ka HIV kamakopera nayo malangizo ake, dolutegravir amatseka ina yomwe kamalowetsera malangizowo mu DNA ya munthu. Mankhwalawa sakhalitsa m'magazi, thupi limawachotsa, ndiye ukadumphitsa masiku ma enzyme a kachilombo amamasuka nkuyambanso ntchito. Nchifukwa chake anesi amalimbikira za kumwa tsiku lililonse.

Koma enzyme ilibe nzeru yosankha chabwino ndi choipa, imangogwira chomwe chakwana. Chinangwa chowawa chili ndi linamarin, ndipo ukachisenda nkuchiphwanya enzyme yake yomwe imatulutsa cyanide, kuviika masiku angapo ndi kuyanika kumapatsa mpata poizoniyo atuluke tisanadye. Mowa wosakanikirana ndi methanol umachititsa khungu chifukwa enzyme ya m'chiwindi yomwe imaphwanya mowa wamba imagwiranso methanol nkumusandutsa asidi woononga mitsempha ya maso. Ndipo ambiri mukukumbuka mu August 2024 pomwe boma linalengeza kuti ufa wina wapezeka ndi aflatoxin agalu ambiri atafa. Aflatoxin amachokera ku chuku cha pa chimanga ndi nshawa zosauma bwino, akafika m'chiwindi ma enzyme athu omwe poyesa kumuphwanya amamusandutsa chinthu chomata pa DNA, ndipo pakapita zaka zingabweretse khansa ya chiwindi. Iye si pulotini, ndiye kuphika nsima kapena kukazinga nshawa sikumuthetsa. Chitetezo chili pa kuyanika bwino, kusunga pouma ndi kutaya zoola, osati kuzipatsa nkhuku kapena kusinjira nsinjiro.

Nanga ma enzyme a m'botolo aja? Poti enzyme ndi pulotini, ukaimeza imakumana ndi asidi ndi pepsin ngati nyama ina iliyonse, ndipo nchifukwa chomwecho insulin amabaya jakisoni osati kumwa. Alipo ma enzyme akumwa amene madokotala amalemba, monga kwa munthu amene kapamba wake sakugwira bwino, kapena lactase kwa amene mkaka umawavuta, koma amenewo ntchito yawo imathera m'matumbo momwemo. Ndiye funso labwino kwa wogulitsa ndi lakuti enzyme yake dzina ndani, ikudula chani, ndipo ikukagwira ntchito pati.

Metabolism

Metabolism ndi ntchito zonsezi kuziphatikiza, kugumula ndi kumanga konse komwe kukuchitika m'maselo usana ndi usiku, olo uli mtulo. Mbali yogumula imatulutsa mphamvu, mbali yomanga imadya mphamvu.

Antoine Lavoisier wa ku France m'zaka za m'ma 1780 anaika mbira m'chotengera chozunguliridwa ndi ayisi, nayeza ayisi wosungunuka ndi mpweya womwe mbira inatulutsa, ndipo anapeza kuti kupuma mpweya ndi kuyaka kwa pang'onopang'ono. Glucose wochokera mu nsima amalowa m'selo, amadulidwa pakati, zidutswazo zimalowa mu mitochondria, tizigawo ta m'selo totulutsa mphamvu, momwe zimazungulira mu njira yomwe Hans Krebs anaifotokoza mu 1937, ndipo pamapeto pake okosijeni amene tapuma amalandira haidrojeni nkukhala madzi, kaboni amatuluka ngati carbon dioxide. Mphamvu yake imasungidwa mu kamolekyu kotchedwa ATP, pafupifupi 30 pa glucose mmodzi, ndipo ATP ndiye amayendetsa minofu, mtima ndi ubongo. Ubongo wokha umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zomwe thupi limagwiritsa munthu atangokhala osagwira ntchito, ndiye mwana wopita ku sukulu ndi njala musamudabwe akamasinza.

Chakudya chikachuluka, chotsala chimasungidwa, pang'ono ngati glycogen, amene ndi ma glucose ogwirana, m'chiwindi ndi m'minofu, chambiri ngati mafuta. Munthu akaonda mafuta aja sasungunukira mu thukuta kapena ku chimbudzi monga ambiri timaganizira, gawo lalikulu, kuposa 80 peresenti, limatuluka ndi mpweya womwe timapuma, lotsala ndi madzi. Tiyi amene amakuthamangitsa ku chimbudzi angatsitse sikelo mawa lake, koma chomwe chatuluka ndi madzi ndi za m'matumbo.

Woyang'anira shuga m'magazi ndi insulin wochokera mu kapamba, yemwe Frederick Banting ndi Charles Best anamupatula ku Toronto mu 1921, wodwala woyamba nkulandira mu 1922. Matenda a shuga ndi pomwe insulin palibe, kapena alipo koma maselo sakumumvera, ndiye shuga amadzaza m'magazi maselo ali ndi njala.

Zomwe sizinathe kumveka

Mu 2021 gulu la Herman Pontzer linasindikiza kafukufuku wa anthu oposa 6,000 a misinkhu yonse, ndipo anapeza kuti ukaganizira kukula kwa thupi, metabolism sisintha kwenikweni kuyambira zaka 20 mpaka 60, imayamba kutsika pambuyo pake. Zinadabwitsa ambiri chifukwa tonse timati mimba ya zaka 40 ndi metabolism yatsika. Pontzer yemweyo anayezanso a Hadza a ku Tanzania amene amayenda mitunda yaitali tsiku lililonse posaka chakudya, nkupeza kuti mphamvu zomwe amatentha patsiku sizisiyana kwambiri ndi za anthu a m'matauni a ku America ndi ku Ulaya. Ena akuti thupi limachepetsa kwina ukamagwira ntchito yambiri, ena akutsutsa kuti kuchepetsako si kwakukulu choncho, ndipo mkanganowo ukadalipo. Palibe mbali yomwe ikuti kulimbitsa thupi nkopanda phindu, funso ndi lakuti kumathandiza kudzera njira iti.

Kwashiorkor, matenda otupitsa ana aja, Cicely Williams anawafotokoza ku Ghana m'zaka za m'ma 1930 ndipo kwa nthawi yaitali ankangoti ndi kusowa pulotini. Koma kafukufuku wa mapasa oposa 300 kwa anzathu ku Malawi, wotuluka mu 2013, anaona kuti nthawi zambiri mmodzi amadwala wina ayi pomwe akudya mbale imodzi, ndipo mabakiteriya a m'matumbo mwawo anali osiyana. Kodi chimayamba nchiti, chakudya, mabakiteriya, matenda ena, kapena zonse pamodzi? Madokotala amadziwa kuchiza mwana wotere ndi chakudya chapadera cha chiponde chija, koma gwero lenileni akufufuzabe.

Pa mapindidwe a mapulotini, pulogalamu ya kompyuta ya AlphaFold manje imatha kulosera kaumbidwe ka mapulotini ambiri, ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper analandira Nobel ya 2024 pamodzi ndi David Baker. Koma kudziwa kaumbidwe sikutanthauza kudziwa zonse zomwe pulotiniyo imachita m'selo lamoyo, ndipo chifukwa chake mapulotini ena amapindika molakwika nkuunjikana mu ubongo wa okalamba odwala matenda oiwalitsa a Alzheimer sichinamveke bwino.

Ndipo pali funso lakale kuposa onsewa. DNA imafuna ma enzyme kuti ikopedwe, ma enzyme amafuna DNA kuti apangidwe, nanga chinayamba nchiti? M'zaka za m'ma 1980 Thomas Cech ndi Sidney Altman anapeza kuti RNA, mbale wake wa DNA, imatha kusunga malangizo komanso kugwira ntchito ngati enzyme, ndiye asayansi ambiri amaganiza kuti mwina ndiyo inatsogola. Koma palibe amene waonetsa mu labu njira yonse kuchokera pa ma atomu wamba kufika pa selo loyamba lodzichulukitsa lokha.